Bulangete la ku Joni

Pa Likoma munthu wamoyo safuna bulangete. Ngakhale nthawi ya mwera, mphepo ikamamenyetsa zitseko n'kumaulutsa usipa pathandala, chitenje chimodzi chimakwana. A magazi ochepa amawonjezera chachiwiri, nkhani n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake Keziah wa ku Yofu anaseka mpaka kugwetsa mpeni pamene aphunzitsi a Augustine anamuuza zimene mwana wake ankafunika kunyamula.

Munali m'chaka cha 1997, sukulu zitatsala pang'ono kutsekera tchuthi cha pakati pa chaka. Aphunzitsiwo anamupeza Keziah pathanthwe la kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa, ndipo anabwera ndi nkhani yabwino. Evelina, mwana yekhayo wa Keziah, wa Sitandade 7, anali mmodzi mwa ana ochepa a pachilumba amene bungwe lina loona za chilengedwe linawasankha kuti apite ku msasa wa ana a sukulu ku mapiri a Nyika. Kumeneko akakagona m'matenti, kuyenda m'tchire ndi alonda a nyama, n'kuona mbidzi ndi maso awo, osati ya pachithunzi cha m'buku. Sitima, galimoto ndi chakudya, zonse zinali za bungwelo.

"Inu chanu n'kumulongedza mwanayu basi," anatero aphunzitsi. "Nsapato zoti angayende nazo m'miyala, juzi, mbale ndi kapu. Koma chachikulu ndi bulangete, mayi. Bulangete lenileni, lolemera, osati tinsalu tathuti. Kumeneko madzi ukawasiya panja mu ndowa, m'mawa umawapeza atauma gwa ngati mwala. Akuti mwana wopanda bulangete samukweza galimoto."

"Madzi kuuma ngati mwala!" anatero Keziah akupukuta misozi ya phwete. "Aphunzitsi, nthabwala mwayamba liti?"

"Sakunama aphunzitsiwo."

Mawuwo anachokera m'nyumba, ndipo pambuyo pake panatsatira chifuwa chachitali, cholira ngati bwato likamakokedwa pamchenga. Anali a Hamilton, amuna ake a Keziah. Chifuwacho chitawasiya anapitiriza: "Ndinaziona ku Joni ndi maso angawa. Mpope unkakana kutulutsa madzi mpaka dzuwa litakwera."

Kuseka kwa Keziah kunathera pomwepo.

A Hamilton anapita ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, ankangobwera patchuthi, ndipo anabwereratu imvi zitayamba. Anabwerako ndi bokosi lachitsulo ndi chifuwa. Fumbi la pansi pa nthaka linawakhala m'mapapo, ndipo chaka ndi chaka linkawalanda mpweya pang'onopang'ono. Kuchipatala anayesa mapiritsi, anayesa jakisoni. Mwezi wathawo adokotala anamuitanira Keziah pambali n'kumuuza mwaulemu kuti apite nawo kunyumba, azikawapatsa chilichonse chimene mtima wawo wafuna. Mawu otere safuna womasulira. Evelina yekha ndiye sanauzidwe. Iye chibadwire ankangodziwa kuti atate ake ndi munthu wotsokomola, monga mmene tambala alili wolira.

Tsono m'bokosi lachitsulo muja munali bulangete. Mlendo angadabwe kumva kuti pa chilumba chotentha chonchi, pafupifupi nyumba iliyonse ya munthu amene anakagwira ntchito ku Joni kapena ku Halale ili ndi bulangete lolemera lokhomeredwa m'bokosi. Silofunda ayi. Mwamuna ankaligula akamatsazika ntchito, kuti tsiku lake likadzafika adzamukulungemo. Pamaliro amayi amalira ndithu, koma poona nkhope diso limodzi limakhala pa bulangete, chifukwa ndilo limanena ngati munthuyo anakagwiradi ntchito kapena anangokatha nsapato m'matauni a eni. Musandifunse amene anayambitsa mwambowu. Ansembe ena anaulalikirapo kuti ngwachabe, anthu n'kuvomera kuti amen, potuluka m'tchalitchi aliyense n'kukaona ngati njenjete sizinalowe m'bokosi lake. Ana sauzidwa zimenezi, ndipo poona nkhope saloledwa kuyandikira.

La a Hamilton linali lofiira, la mizere yakuda m'mphepete, lonenepa moti dzanja linkamiramo. Kamodzi pachaka, mwana ali kusukulu, ankalitulutsa n'kulikung'untha, kuikamo timibulu toyera tothamangitsa njenjete, n'kulipindanso mosamala. Ndipo chaka chilichonse ankanena mawu amodzimodzi.

"Amake Evelina, mudzandifunditse bwino. Ndinazizidwa kokwanira ku Joni."

"Ndamva, ndidzakufunditsani," Keziah ankayankha chotero, poyamba moseka, zaka zaposachedwazi mosaseka.

Kulongedza kunayamba tsiku lomwelo, poti Evelina atamva nkhaniyi sanathenso kukhala pansi. Keziah anachapa chikwama chansalu chimene ankapita nacho kuchipatala. Anaikamo madiresi awiri, ndi juzi yobwereka kwa mwana wa oyandikana nawo, ya manja aatali moti ankachita kuwapinda. Nsapato za tenesi anazipeza kwa msuweni wake wa ku Mbungo. Zinali zazikulu, ndiye anatsendera tinsanza kuzala. Anaika mbale, kapu, supuni, sopo wodula pakati, ndi mafuta odzola m'kabotolo. Anamanga usipa wouma m'pepala, malambe m'kathumba, poti ndani akudziwa zimene amadya anthu a kumapiri? Evelina naye anazembetsamo mbedza zake ndi chingwe.

"Zimenezo ukawedza nazo chiyani pamwamba pa phiri?" anafunsa amake.

"Amama, kungakhale malo opanda nyanja?"

Atate ake anaseka ali pamphasa, kusekako n'kusanduka chifuwa, mpaka Keziah anathamangira madzi.

Chinatsala ndi bulangete. Keziah sanaganizeko n'komwe za m'bokosi. Zimenezo zinali ndi mwini wake ndi tsiku lake. Anamanga chitenje n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Yofu yense anamuzungulira, anafika mpaka ku Chipyela kwa anzake a kutchalitchi. Kulikonse ankamulandira bwino, kumuyamikira kuti mwana ali ndi mutu, koma akangotchula bulangete, maso a eni nyumba ankathawira pansi.

"Lilipo, amake Evelina, sitingakunamizeni. Koma inunso mukudziwa."

Ankadziwadi. Akanakhala iye, akanayankha chimodzimodzi. M'sitolo munali mabulangete opyapyala oti ukawayang'anitsa padzuwa umaona munthu ali kuseri, ndipo ngakhale amenewo sakanakwanitsa kuwagula.

Ndiye anachita zimene mkazi wosowa pogwira amachita: anatenga singano. Anasonkhanitsa zitenje zake zakale, nsalu ya pabedi yong'ambika pakati, ndi matumba awiri a ufa amene anawachapa mpaka zilembo zinafufutika. Anasanjikiza zonsezi n'kuyamba kusoka, m'mawa asanapite kumunda, masana pamthunzi wa khonde, mpaka zala zinatupa. Chinatuluka chinthu cha mawangamawanga, kuno maluwa, uko nsomba, uko mbalame zodulidwa mitu ndi msoko. Koma chinali cholemerako, ndipo Keziah anachinyadira.

Anachitengera kwa amuna ake tsiku lina masana, Evelina atapita kukatunga madzi. A Hamilton anachigwira pakati pa zala ziwiri, kuchitikita, kuchikweza kuloza kuwindo.

"Mwasoka bwino," anatero. "Koma ichi mukamupha nacho mwana."

"Nanga si ndasanjikiza kanayi?"

"Chisanu cha kumapiri simuchidziwa, amake Evelina. Sichili ngati mwera, woti ukabisala kuseri kwa mlambe wakusiya. Chimachokera pansi, chimalowa m'mafupa. Ndinaona amuna a ndevu zawo akulira ngati makanda." Anapuma kaye kufunafuna mpweya. "Patseni kiyi."

Keziah anagwira chingwe cha m'khosi mwake. "Kiyi wa chiyani?"

"Tili ndi mabokosi angati m'nyumba muno?"

"Ayi," anatero Keziah. "Ayi, bambo a Evelina. Limenelo ayi."

"Ndi langa."

"Ndi lanu, n'chifukwa chake ndikukana!" Mawu anakwera osafuna, ndipo zimene anakhala akuzimeza mwezi wonse zinatuluka zokha. "Mukuyesa sindikuona? Phala mukulibweza. Kuchoka pamphasa kufika pakhomo mukupumira panjira. Mwanayu akapita nalo, inu n'kutisiya kuno, ndidzakukulungani m'chiyani? Ndidzawauza chiyani alongo anu? Anthu adzati a Hamilton zaka zonse zija ankakachita chiyani ku Joni? Ndinalonjeza ine!" Analira tsopano osabisa. "Mwanayu asapite. Akhale pompano, aone atate ake. Mapiriwo sathawa."

A Hamilton anamusiya alire. Kenako analankhula motsitsa, mawu amodziamodzi, monga munthu amene akudziwa kuti mpweya wake ngwowerengeka.

"Mapiri sathawa, koma mwayi umathawa. Ine ndinatuluka pa chilumba pano kukalowa pansi pa nthaka. Dziko la eni ndinaliona ndi nyali ya pachipumi. Mwanayu akutuluka kukaona dziko pamwamba pake, masana, dzuwa likuwala. Ndimutsekere pakhomo kuti azimvera chifuwa changa? Wachimva kokwanira."

"Nanga mukapita iye kulibe?"

"Ndimudikira. Si sitima ziwiri zokha? Yoyamba idutse, yachiwiri abwera nayo. Ndadikira zambiri ine."

Pa Likoma nthawi amaiyeza ndi sitima, poti imabwera mwa apo ndi apo ndipo ndiyo khomo lokhalo la chilumba. Sitima ziwiri si nthawi yaitali kwa munthu wabwinobwino. Keziah anawayang'ana amuna ake, mapewa atatuluka ngati matabwa a bwato losiyidwa, ndipo mumtima anadziwa kuti akulonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwawo. Komabe anamasula kiyi pa chingwe cha m'khosi mwake n'kuwapatsa.

Tsiku la ulendo Evelina anadzuka mbalame zisanayambe, n'kuvala nsapato zake zazikulu zija. Atate ake anamuitana. Anali atakhala tsonga, atavala malaya oyera, ndipo pamiyendo pawo panali bulangete lofiira limene mwanayo anali asanalionepo.

"Adada! Limeneli linali kuti?" Analisisita, n'kukwiriramo nkhope. "Likununkha mankhwala."

"Linali kudikira ulendo," anatero a Hamilton. Keziah anatembenukira kukhoma. "Tamvera, Evelina. Ndakubwereka, sindinakupatse. Ukalisamale, usakaliyandikize kumoto. Ukabwera udzalibweze kwa ine mwini wake, wamva?"

"Ndamva, Adada."

"Ndipo ukaone zonse. Ukabwera udzandiuze mbidzi kuti ndi yoyera ya mizere yakuda kapena yakuda ya mizere yoyera. Ku Joni tinakangana nkhani imeneyi mpaka kutsala pang'ono kumenyana."

Mwanayo anaseka, anagwada n'kuwagwira dzanja, ndipo anatuluka akudumphadumpha. Keziah analikulunga bulangetelo m'thumba kuti maso a anthu asalione, analisenza pamutu, n'kutsatira mwana wake njira ya ku Chipyela. Kudoko kunali piringupiringu wa masiku onse a sitima: matumba a usipa, nkhuku zomangidwa miyendo, anthu kukuwirana. Sitima inaima patali, maboti ake n'kumabwera kudzatenga anthu. Aphunzitsi a Augustine, amene ankapita nawo anawo, analipapasa thumba lija, anagwedeza mutu kuvomereza, osafunsa kanthu. Keziah analowa m'madzi mpaka m'mawondo kumukweza mwana m'boti.

"Ukafunde," anatero. Anali ndi mawu ambiri, koma amene anatuluka ndi amenewo.

Evelina anakweza dzanja kamodzi, kenako maso ake anali kale kusitima.

Masiku oyamba a Hamilton anachita ngati apezako bwino. Ankapempha kuti awatulutse pakhonde, n'kumayang'ana kumpoto ngati kuti mapiri a Nyika angaoneke kuchokera ku Yofu. Sitima yoyamba inabwera n'kupita. Anamva kulira kwake ali pamphasa ndipo anakweza chala chimodzi, kumwetulira.

"Yatsala imodzi."

Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Mwera unakula sabata imeneyo, wouma, wa fumbi, ndipo chifuwa chinawatsekera. Anasiya phala, kenako anasiya madzi. Lachinayi masana, Keziah atawatsamiritsa pachifuwa pake kuti apumeko bwino, anamva akunong'ona. Anayandikiza khutu.

"Mphepo iyi... kumapiri kuli bwanji?"

"Kukuzizira kwambiri, ndikhulupirira."

"Koma wafunda."

"Wafunda, bambo a Evelina."

"Basi," anatero a Hamilton. Sanalankhulenso, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atapita.

Pachilumba maliro sagonera masiku. Kulibe kosungira thupi, ndipo kutentha sikudikira wachibale wa kutali. Ansembe anayesa kutumiza uthenga pa lamya ku Mzuzu, koma yankho linabwera loti ana ali mkati mwa tchire, kumene kulibe lamya kapena wailesi. Amuna anayamba kukhoma bokosi ndi matabwa ochokera kutsidya ku Mozambiki. Adzukulu, amene amasambitsa ndi kukonza thupi, anatuma mawu kwa amayi kuti akonzeka, abweretse bulangete.

Anapita kukalitenga ndi a Frances, alongo awo a malemu, mayi wa pakamwa posachedwa. Anapempha kiyi, anatsekula bokosi lachitsulo pamaso pa amayi odzaza chipinda. Munali chipewa cha kumgodi, lamba, ndi timibulu toyera tikugubuduzika pansi.

"Alamu, bulangete la achimwene lili kuti?"

Amayi onse anatembenukira kwa Keziah.

"Lapita ndi mwana ku Nyika," anatero Keziah.

"Lapita kuti?" A Frances anaimirira, manja m'chiuno. "Bulangete la maliro mwapatsa mwana kuti akaseweretse kutchire? Munthu anatha moyo wake pansi pa nthaka, chimene anapempha pa dziko lino n'chimodzi chokha, inu n'kumulanda ali moyo? Mwatichititsa manyazi, alamu! Mwamuvula mlongo wanga pamaso pa chilumba chonse!"

Keziah akanatha kunena kuti anapereka okha, kuti iye anakana mpaka kulira. Zinali zoona. Koma zinamuvuta kuti aimike mwamuna wake pamlandu ali chigonere m'chipinda chinacho, wosatha kudziyankhira. Ndiponso pansi pa mtima ankaona kuti a Frances sakulakwa kwenikweni: analonjeza ndi pakamwa pake, chaka ndi chaka, ndipo kiyi anamasula ndi dzanja lake. Anangodzuka, anapita pamutu pa bedi, n'kutenga chinsalu cha mawangamawanga chija anasokera mwana.

"Akulungeni umu," anatero.

Ndi mmene a Hamilton a ku Yofu, amene anagwira ntchito ku Joni kuposa amuna ambiri a m'mudzimo, anapitira kumanda: m'zitenje zakale za mkazi wawo ndi matumba a ufa. Poona nkhope, amayi ankati akawerama n'kuona nsomba ndi mbalame zodulidwa mitu zitazungulira chibwano cha malemu, kulira kunkadukiza kaye. Keziah anaziona zonsezo. Zinamupweteka kuposa mmene ankaganizira, ndipo pamene dothi loyamba linagunda bokosi, chimene chinamuliza kwambiri si umasiye, koma mawu aja akuti ndinazizidwa kokwanira ku Joni.

Sitima yachiwiri inkayembekezeka patangopita masiku ochepa, anthu asanabalalike pasiwa. A Frances anakonza zoti amayi anayi akamuchingamire mwana kudoko n'kumulandira ndi maliro, monga zimakhalira; namfedwa sayenda, amakhala pamphasa mpaka mwambo utatha. Keziah sanatsutse. Koma m'mawa wa tsikulo, sitima itangolira kutali, anatuluka ngati akupita kuseri, n'kulowa njira ya ku Chipyela yekha. Pa mlambe waukulu wa panjira anaima, anavula duku lakuda, n'kumanga lamaluwa limene analibisa m'chiuno. Mwana wake sakamva za atate ake kuchokera kukamwa kwa anthu olira pagulu, pakati pa matumba a usipa. Zinazo adzanena anthu, ananena kale zambiri.

Nyanja inali yolusa m'mawa umenewo, ndipo maboti ochokera kusitima ankabwera akumenyedwa ndi mafunde, anthu atanyowa. M'boti lachiwiri Keziah anaona chinthu chofiira. Evelina anali ataimirira kutsogolo, atadzifunditsa bulangete lija kuyambira kumutu, mizere yakuda ikuuluzika ndi mphepo, dzanja lili m'mwamba kufunafuna amake.

Phokoso la padoko linatsika ngati wina walithira madzi. Panalibe wamkulu pamenepo amene sanamve nkhani ya bulangete la a Hamilton, ndipo tsopano ndi ili, likutsika m'boti pamapewa pa mwana wamoyo, woseka. Amayi ogulitsa mandasi anayang'ana pansi. Mkulu wina amene anagwira ntchito limodzi ndi malemu ku Joni anavula chipewa mwanayo akudutsa. Evelina sanaone chilichonse. Aphunzitsi a Augustine, amene wina anawanong'oneza akutsika, anayang'ana Keziah, iye n'kuwapukusira mutu pang'ono kuti asanene kanthu.

"Amama! Amama, n'zoona! Madzi amaumadi! Ndinawagwira ndi dzanja, anandiluma zala!"

Anali atada, milomo itang'ambika ndi chisanu, koma maso akuwala. Keziah anamulanda chikwama, anamugwira dzanja, n'kumutulutsa msanga pagulupo.

Njira yonse mwanayo sanatseke pakamwa. Anasimba za galimoto imene inakwera phiri mpaka makutu anatsekeka. Za udzu wopanda malire, wopanda mlambe ngakhale umodzi, woti ukaima pamwamba umaona ngati nyanja yauma n'kumera msipu. Za nkhungu imene inawaphimba masanasana mpaka anagwirana malaya kuti asasowane. Za fisi amene analira pafupi ndi tenti. Mbedza zija anaseka nazo anthu msasa wonse.

"Koma bulangeteli, Amama! Tsiku lina tinakagona pamwamba penipeni, kutali ndi msasa. Anzanga awiri anali ndi topyapyala, ankanjenjemera mpaka mano kulira, wina anayamba kulira kuti akufuna kwawo. Ndinawaitana tinafunda atatu. Mpaka alonda anafunsa kuti mwana wa ku Likoma bulangete lotere walitenga kuti. Ndinawauza kuti ndi la adada anga, anagwira ntchito ku Joni."

"Unawauza bwino," anatero Keziah.

"Ndipo mbidzi ndaiyang'anitsitsa. Yankho ndili nalo, koma sindikuuzani inu, ndikauza eni funso."

Anayenda pang'ono, kenako mwanayo anachepetsa liwiro. Anasuzumira kumaso kwa amake, n'kutulutsa ngodya imodzi ya bulangete imene nthawi yonseyi anaifumbata m'dzanja. Panali bowo lakuda m'mbali mwake, loti chala chachikulu n'kulowa.

"Inalithethekera mbaliwali ya moto," anatero motsitsa. "Sindinaliyandikize dala, Amama, mphepo ndi imene inatembenuka. Ndakhala ndikuganiza njira yonse mmene ndikawauzire. Musawauze inu. Ndikawauza ndekha."

Keziah anakhudza bowolo ndi chala. Anangogwedeza mutu.

Asanafike ku Yofu njira imagawikana. Ya kumanja imatsikira kunyumba za anthu. Ya kumanzere imakwera pakati pa miyala kupita kumitengo kumene ana saloledwa kusewera. Keziah anakhotera kumanzere.

"Amama, njira ya kwathu si iyi."

Keziah sanaime.

"Amama?"

Mwanayo anaima yekha. Anayang'ana njira, anayang'ana amake. Tsopano ndi pamene anaona zimene chisangalalo chinamubisira: maso otupa, ndi m'mphepete mwa duku lamaluwa momwe munalibe tsitsi. Keziah anagwada pamiyala pomwepo kuti nkhope zawo zifanane, ndipo ananena mosazungulira, poti mawu ozungulira anali atamuthera.

"Adada ako atisiya, mwanangu. Lachinayi. Anayesetsa kukudikira. Mawu awo omaliza anafunsa ngati wafunda."

Evelina sanakuwe monga amake ankaopera. Anakokera bulangete pamapewa. Kenako anayamba kuyenda, iye patsogolo, kukwera njira ya kumanzere.

Mtumbira unali wa dothi lofiira, lisanaphwe n'komwe, nkhata za maluwa zitafota ndi mwera, ndi mtanda wathabwa wolembedwa dzina ndi penti. Mwanayo anaima kumiyendo kwake nthawi yaitali. Keziah anaima kumbuyo, osadziwa ngati amugwire kapena amusiye.

"Ndi yoyera, Adada," anatero Evelina potsiriza, mawu akuduka. "Ya mizere yakuda. Kumimba kwake n'koyera."

Kenako anavula bulangete lija. Analikung'untha kamodzi, fungo la utsi wa kumapiri n'kumwazika, ndipo analiyala pamtumbira kuyambira kumiyendo mpaka pamtanda, kulikoka uku ndi uku kuti pasatsale dothi loonekera, monga ankaonera amake akuwafunditsa atate ake chitenje pamphasa. Palibe anamuuza kuti bulangetelo linali la chiyani. Iye ankangobweza chobwereka kwa mwini wake.

Keziah anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anaona mwana wake akuzungulira mtumbira mogwada, kusalaza makwinya. Atafika pa ngodya yopsa ija anaima, anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi yobwereka, n'kuipinda ngodyayo kuilowetsa pansi, kuti atate ake asaione.